Thireyi ya Agogo Isanakwere pa Sikelo



Lachisanu loyamba la Ramadhan ino tinakafutulu kwa azakhali athu ku Lirangwe, chakumtunda kwa njanji. Zonse zinali monga mwa nthawi zonse: mkeka pakhonde, madzi m'ketulo, futali wa maungu akufuka nthunzi, ana akuyang'ana kumadzulo ngati kuti maso awo angakankhe dzuwa. Koma futali uja anabwera m'beseni la pulasitiki. Thireyi ija panalibe.

Tikunena thireyi imene tonse a m'banjamo tinakula tikudyerapo. Inali yozungulira, yolemera moti mwana sankainyamula yekha, ndipo anthu asanu ndi atatu ankaizinga osagundana zigongono. Pakati pake panali nyenyezi yozokota, ndipo kuchokera pa nyenyeziyo mizere inkalukana ngati nsungwi za lichero mpaka kukafika m'mphepete, momwe munali timasamba ting'onoting'ono. Tili ana tinkathamangira kumaliza mpunga wa mbali yathu kuti tione maluwa amene anabisala pansi pake. Titafunsa, azakhali anayankha akuyang'ana kumbali: "Inapita mu January, ana anga. Kunabwera mnyamata wa njinga wogula zitsulo zakale. Anaikoleka pa sikelo." Ndalama yake siinakwane ngakhale ndowa ya chimanga.

Sitinawadzudzule, ndipo pano sitikuwadzudzula. Chimene chinatipweteka chinabwera titaswali Maghrib, pamene tinayamba kufunsana kuti kodi thireyi ija inachokera kuti. Wina anati agogo aamuna anabwera nayo kuchokera ku Joni. Wina anati ayi, ndi ya ku Unguja, inadzera ku Mangochi m'manja mwa agogo awo a agogo. Azakhali eniake anati iwo anamva kuti agogo anachita kupatsidwa ndi mzungu amene ankamuphikira m'tauni ya Blantyre, pamene mzunguyo ankabwerera kwawo. Nkhani zitatu, ndipo amene akanatiweruza anagona kalekale. Thireyi yokhayo ikanatiuzako kanthu, chifukwa zinthu zotere kawirikawiri zimakhala ndi chidindo kunsi kwake. Zaka zonsezi palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anaitembenuzapo kuti aone.

N'chifukwa chake lero tikufuna tikambe za mbale zakale za siliva zimene zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, zija timati mamiyuziyamu. Wina afunsa kuti za siliva wa ku London zikutikhudza bwanji ife a ku Chileka. Maganizo athu ndi akuti chimene chimasiyanitsa mbale ya m'galasi ku London ndi thireyi ya ku Lirangwe si siliva kwenikweni. Ndi kapepala kamene kali pambali pake, konena amene anaipanga, malo, chaka ndi manja amene inadutsamo. Siliva tilibe ndipo sitikumufuna. Kapepalako tikhoza kulemba tokha, ndipo tikuchedwa.

Inu ophunzira amene muli ndi foni, tsiku lina lowani pa intaneti muone zimene zili ku British Museum ku London, ku Louvre ku Paris, ku Hermitage ku St Petersburg, kapena ku Museum of Islamic Art ku Cairo ndi ku Doha. Zina mwa mbale za siliva zokongola kwambiri kumeneko ndi za mafumu a ku Persia a banja la Sasan, amene ufumu wawo unagwa m'chaka cha 651. Pa mbalezo pali chithunzi cha mfumu ili pa kavalo ikulasa nyama zakutchire. Mafumuwo ankatumiza mbale zotere kwa akuluakulu ena monga mphatso, kuti wolandirayo akamadya aziona amene akumulamulira.

Maswahaba anaziona ndi maso mbale zamtunduwu. Mabuku a Hadith a Imam Bukhari ndi Imam Muslim amasimba za Hudhaifa ibn al-Yaman (Allah asangalale naye) ali ku Madain, likulu lakale la mafumu omwewa. Anapempha madzi, ndipo mkulu wina wa kumeneko anamubweretsera m'chikho cha siliva. Hudhaifa anachitaya chikhocho, n'kufotokozera anthu kuti sanachite izi mwaukali chabe: munthuyo anali atamuletsa kale, chifukwa Mtumiki (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) analetsa kudyera ndi kumwera m'ziwiya za golide ndi siliva. Lamuloli ndi la amuna ndi akazi omwe. Mayi akhoza kuvala mphete ndi zibangili za golide, koma chikho cha golide n'choletsedwa kwa iyenso. M'madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kuno timatsatira, maganizo amphamvu ndi akuti ngakhale kungosunga ziwiya zotere m'kabati osazigwiritsa ntchito n'kosaloledwa. Choncho Msilamu akaona mbale ya siliva itatsekeredwa m'galasi, palibe chomuchititsa nsanje. Ili pamalo pomwe palibe amene akudyerapo, ndipo aliyense, wolemera ndi wosauka, akhoza kuphunzirapo.

Tisanamizane kuti Asilamu onse akale anamvera. Nyumba zambiri za masultani zinali ndi mbale za golide ndi siliva, ndipo olemba mbiri a nthawiyo anazitchula. Koma zochepa kwambiri n'zimene zinapulumuka, chifukwa siliva ndi ndalama imene yangovala maonekedwe ena. Nkhondo ikabuka kapena chuma chikaphwa, mbale imalowa m'ng'anjo. Izi sizinali za Asilamu okha. M'chaka cha 1689 mfumu Louis XIV ya ku France inalamula kuti matebulo, mipando ndi ziwiya za siliva za m'nyumba yake ku Versailles zisungunulidwe kuti ipeze ndalama za nkhondo. Ntchito imene amisiri anaigwira zaka zambiri inasanduka makobidi. Mnyamata wa njinga wa ku Lirangwe sanayambe ndi iye. Mafumu anayamba kale kuyeza luso pa sikelo.

Zimene zinapulumuka zambiri, ndipo zimene dziko limagoma nazo lero, ndi za mkuwa. Kuyambira cha m'zaka za m'ma 1100, amisiri a ku Herat, kenako a ku Mosul, Damascus ndi Cairo, anakulitsa luso lokongoletsa mkuwa ndi siliva pang'ono. Mmisiri ankajambula maluwa ndi zilembo pa chiwiyacho, n'kugoba tinjira ndi tchizulo chaching'ono, m'mbali mwa kanjirako n'kusiyamo kamlomo. Kenako ankalowetsamo kawaya kapena kachidutswa kopyapyala ka siliva, n'kukhomerera kamlomo kaja kuti kagwire silivayo. Akatero ankazokotanso pamwamba pa silivayo timizere ta nkhope, nthenga kapena zovala, ndipo m'mipata yotsala ankapakamo zakuda kuti zoyerazo ziwale. Akatswiri a mbiri amasiyana pa chifukwa chimene lusoli linakulira chotere. Ena amati n'chifukwa cha lamulo la chipembedzo lija, ena amati siliva anali atasowa m'maiko amenewo. Kaya n'chiti, mkuwa wamba unasanduka chinthu chimene mafumu ankalimbirana.

Tsopano onani mphamvu ya kulemba. Ku British Museum kuli jagi yothirira madzi imene amaitcha Blacas ewer, potengera dzina la mkulu wa ku France amene anaisungapo. Jagiyi imadzinenera yokha: mmisiri wake, Shuja ibn Man'a, analembapo dzina lake, mzinda wa Mosul, ndi mwezi wa Rajab chaka cha 629 cha Hijra, chimene ndi 1232. Ku Hermitage kuli kandowa ka ku Herat ka chaka cha 1163, kolembedwa maina a amisiri awiri, woumba mkuwa ndi wolowetsa siliva, komanso dzina la wamalonda amene anamupangira. Chifukwa cha mizere yochepayi, akatswiri amatha kutenga ziwiya zina zambirimbiri zopanda dzina n'kuziyerekeza ndi izi kuti adziwe kwawo ndi zaka zake.

Ku Louvre kuli chitsanzo cha mbali inayo, ndipo n'chimene chimatikhudza kwambiri. Kuli beseni lalikulu la mkuwa, lokongoletsedwa ndi siliva ndi golide, lopangidwa ku Egypt kapena ku Syria m'nthawi ya masultani a Mamluk, cha pakati pa 1320 ndi 1340. Mmisiri wake, Muhammad ibn al-Zayn, anasainapo dzina lake kasanu n'kamodzi, ngati ankadziwa kuti anthu adzamuiwala. Besenilo linakafika ku France, ndipo ankabatiziramo ana a banja lachifumu. Womaliza anali mwana wa Napoleon III m'chaka cha 1856. Mpaka lero limadziwika ndi dzina loti Baptistère de Saint Louis, kutanthauza beseni lobatizira la Louis Woyera. Komatu mfumu Louis imeneyo inamwalira mu 1270, besenilo lisanapangidwe n'komwe. Eni chinthu akakhala chete, dzina amapereka ndi ena, ndipo dzina lolakwika limakakamira ngati chisoso pa nsalu.

Tibwerere kwathu. Wina akhoza kunena kuti kuno kunalibe zinthu zotere, ife tinali a chipande, nsengwa ndi mbale zadothi basi. Zimenezo ndi zathu ndithu ndipo sitichita nazo manyazi, koma si zokhazo. Katswiri wathu wofukula zakale, Dr Yusuf Juwayeyi, atakumba ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, pomwe panali likulu la a Kalonga a Maravi, anapeza mikanda yagalasi yochokera kutali, zinthu za mkuwa ndi zidutswa za mbale za ku China. Mbale ya ku China inafika m'dziko muno kalekale Azungu asanamange Blantyre. Chosangalatsa n'chakuti thireyi yaikulu yodyerapo anthu ambiri, imene Aswahili amaitcha sinia, dzina lake linachokera ku liwu la Chiarabu lotanthauza chinthu cha ku China. Amalonda a Chiyao ankayenda ndi minyanga ya njovu mpaka ku Kilwa, ndipo pobwera sankanyamula nsalu ndi mikanda zokha. Ankabweranso ndi kavalidwe, kaphikidwe, kadyedwe ndi chipembedzo. Tisabise kuti njira yomweyo inkapitanso ndi akapolo. Thireyi ina imene ili m'nyumba mwathu mwina ili ndi mbiri yowawa, ndipo imeneyonso iyenera kulembedwa.

Njira zina ndi zaposachedwa. Ambiri mwa agogo athu anali akhukhi, atelala ndi asilikali a King's African Rifles, ndipo khukhi amene anatumikira nyumba imodzi zaka makumi awiri nthawi zina ankatsazikidwa ndi tipoti kapena thireyi. Ena anagula m'masitolo a Amwenye ku Limbe. Ena anapita ku Salisbury, ena ku migodi ya ku Joni. Bwalo la ndege la Chileka, limene ana athu amathamangira kukaonerera ndege, linkanyamula amuna a Wenela, mpaka ngozi ya ku Francistown ya pa 4 April 1974, imene inapha Amalawi oposa 70 akubwerera kwawo, inachititsa Dr Banda kuimitsa ulendo wa ku migodi. Amene anabwera amoyo anabwera ndi masutikesi, ndipo zina za m'masutikesimo zikadali m'nyumba za ku Chileka, Lunzu, Matindi ndi Lirangwe. Onjezanipo timakapu ndi mathireyi amene ma Haji athu amabwera nawo kuchokera ku Makka. Mudzi umodzi wokha ukhoza kukhala ndi ziwiya za ku Birmingham, Bombay, Zanzibar ndi Johannesburg, chilichonse ndi munthu wake amene anachinyamula.

Nanga tingadziwe bwanji kuti chiwiya chathu ndi siliva kapena ayi? Funsoli ndi la Sharia komanso la m'thumba. Tembenuzani chiwiyacho muone kunsi. Siliva weniweni wa ku England amakhala ndi tizidindo tondondozana: kamkango koyenda kamasonyeza kuti magawo 925 pa 1,000 alionse ndi siliva, nangula amasonyeza Birmingham, mutu wa kambuku London, ndipo chisoti chachifumu chinali cha Sheffield. Pamakhalanso chilembo chimodzi chosonyeza chaka, ndi zilembo za dzina la wopanga. Mukapeza zilembo zoti EPNS, dziwani kuti si siliva: ndi chitsulo chosakaniza mkuwa, nikelo ndi zinki, chokutidwa ndi siliva wopyapyala pogwiritsa ntchito magetsi, njira imene a Elkington a ku Birmingham anaitengera chilolezo mu 1840. Zambiri zimene m'mabanja mwathu timazitcha siliva ndi zamtunduwu. Ma Ulama a Shafi'i amati chiwiya chongopakidwa n'chololedwa ngati silivayo ndi wochepa moti sangasonkhanitsike chiwiyacho chitaikidwa pamoto. Amalolanso chigamba chaching'ono cha siliva pa chiwiya chosweka, potengera zimene Anas ibn Malik (Allah asangalale naye) anasimba, kuti chikho cha Mtumiki chitang'aluka chinamangidwa ndi kaunyolo ka siliva. Taganizirani: chikho chong'aluka sichinatayidwe, chinakonzedwa, ndipo Anas anachisunga mpaka anthu a m'badwo wotsatira anachiona.

Ngati mwapeza kuti ndi siliva weniweni, pitani kwa Shehe wanu musanachite china chilichonse. Kudyerapo kulekeke, ndipo pali nkhani ya Zakaat. Nisaab ya siliva ndi madirham 200, amene ambiri amawawerengera kuti ndi magalamu pafupifupi 595, ndipo chopereka chake ndi 2.5 peresenti chaka chikatha. Thireyi imodzi yaikulu ikhoza kupitirira mlingo umenewu yokha. Munthu akhoza kukhala ndi ngongole ya Zakaat m'kabati osadziwa. Akhozanso, ndipo izi n'zomvetsa chisoni kwambiri, kugulitsa siliva pa mtengo wa zitsulo zakutha.

Tikudziwa zimene ena a inu mukuganiza: njala ilibe ulemu ndi mbiri. Zaka zino Ramadhan ikugwa m'miyezi ya February ndi March, chimanga chisanakhwime, nkhokwe zili pululu, ndipo dera lathu lino la kunsi kwa Blantyre mvula yake ndi yosadalirika. Mayi amene ana akulira sangasunge mkuwa chifukwa cha maluwa ake. Tikuvomereza ndi mtima wonse. Mwana ndi wofunika kuposa thireyi iliyonse, ngakhale ya ku Louvre. Koma mlandu pamenepa si wa mayiyo, ndi wa ife achibale amene tili ndi kangachepe. Azakhali athu akanatiimbira, tikanawapatsa ndalama ya ndowa ziwiri thireyi n'kukhalabe m'banja. Sanaimbe chifukwa sanaganize kuti wina angaifune, ndipo sanaganize choncho chifukwa palibe tsiku limene tinawauzapo kuti ndi yamtengo kwa ife. Ndipo ngakhale pamene kugulitsa sikungapeweke, kujambula chithunzi cha pamwamba ndi cha kunsi sikudya ndalama.

Ena akuti kusamala zinthu za akufa kukhoza kutitengera ku shirk. Chenjezoli ndi labwino ndipo tisalipeputse. Thireyi ilibe baraka yochiritsa, siteteza nyumba, ndipo amene akuifukizira lubani kuti imuthandize walakwa. Ife tikunena za umboni. Wophunzira aliyense wa ku madrassa amadziwa kuti Hadith siilandiridwa popanda isnaad, ndiko kuti mndandanda wa amene anamva kwa yani. Ndife anthu amene chipembedzo chathu chinatiphunzitsa kufunsa kuti wakuuza ndani. N'zodabwitsa kuti anthu omwewo sitingathe kutchula manja atatu amene mbale yathu inadutsamo.

Pali adani ena a ziwiyazi amene sakwera njinga. Woyamba ndi ukhondo wathu womwe. Kukwecha ndi mchenga, phulusa kapena sitiliwulu tsiku ndi tsiku kumadya maluwa aja mpaka thireyi imasalala ngati chiwaya, ndipo ngati ndi ya EPNS siliva yense amachoka n'kutsala chikasu. Madzi ofunda, sopo ndi kansalu kofewa n'zokwanira. Chachiwiri, mkuwa umene wayamba ndere zobiriwira usakhudzane ndi chakudya, makamaka chowawasa monga bwemba, malambe kapena ndiwo za matimati, chifukwa zobiriwirazo ndi poizoni. Amisiri akale ankapaka tini mkati mwa ziwiya za mkuwa pa chifukwa chimenechi. Ngati wakutha, ikani chakudya m'mbale zina, mbalezo n'kuzisanja pa thireyi.

Kodi tizipereke ku miyuziyamu? Kuchokera ku Lirangwe ndi ulendo wa minibasi kudzera ku Lunzu ndi pa Kameza kukafika ku Chichiri, komwe kuli Museum of Malawi, imene inatsegulidwa pamalopo mu 1966. Ambiri tinapitako kamodzi tili ku pulayimale, n'kukumbukira sitima yamalasha ili panja basi. Maganizo athu ndi akuti thireyi ya mkuwa imene banja likudyerabe ikhale pakhomo, chifukwa thireyi yozingidwa ndi ana pa nthawi yofutulu ili pa ntchito imene anaipangira. Koma siliva weniweni, amene sitiloledwa kudyerapo, ndi chinthu chimene banja latha ndipo palibe wochilandira, ndi bwino kukambirana ndi a Dipatimenti ya Museums and Monuments kusiyana n'kuchipereka kwa munthu wodutsa. Dziwaninso kuti dziko lino lili ndi lamulo la Monuments and Relics Act, loletsa kutulutsa kunja zinthu zakale popanda chilolezo. Ndipo ngati tikufuna kuti mwana wa ku Karonga kapena ku Nsanje akalowa ku Chichiri azipezamo mbiri ya mabanja a Chisilamu a ku Blantyre yolembedwa molondola, olemba ake ndife. Wogwira ntchito kumeneko sangalote dzina la agogo athu.

Ntchitoyi tikuipereka kwa inu ophunzira, chifukwa Ramadhan ndi mwezi umene banja limakhala pamodzi madzulo alionse ndipo akuluakulu amakhala ndi nthawi yocheza pakati pa kufutulu ndi Taraweeh. Tengani kope. Funsani agogo kuti chiwiya chakale kwambiri m'nyumbamo ndi chiti, anabwera nacho ndani, kuchokera kuti, chaka cha njala iti kapena cha ukwati wa yani. Yezani kukula kwake ndi rula ya kusukulu. Koperani chidindo monga momwe chilili, ngakhale simukuchimva. Nkhani zikasiyana musasankhe yokoma. Lembani zonse, iliyonse ndi dzina la amene wainena.

Ife tinabwereranso ku Lirangwe Lamlungu lapitali. Tinapeza kuti tipoti imene inkayenda ndi thireyi ija ikadalipo. Inapulumuka chifukwa azakhali amasungiramo singano ndi mabatani. Tinakhuthula mabataniwo pamkeka n'kuitembenuza. Kunsi kwake kuli zilembo zinayi, EPNS, ndi kachidindo kena kofufutika moti tinalephera kukawerenga ngakhale ndi tochi ya foni. Zilembozi zikukomera nkhani ya mzungu ndi khukhi wake, ndipo azakhali anaseka mokondwa, koma msuweni wathu wa nkhani ya ku Unguja anakana kugonja: tipoti si thireyi. Mdzukulu wa azakhali, amene ali Fomu 3, analemba nkhani zitatu zonse kumapeto kwa kope lake la History, n'kujambula nyenyezi ija monga momwe aliyense akuikumbukira. Pa nsonga zake sitinagwirizanenso: ena akuti zinali zisanu ndi zitatu, azakhali akuti khumi ndi ziwiri.